Julião Ankangofufuza ku Mongue

Julião Makwinja anabadwira ku Mongue, pa nthaka ya amayi ake, mai Zefa. Anabadwa awiri: woyamba Carlota, kenako iye. Nkhondo itafika anathawa monga anathawira aliyense, ndi zimene zinali m'manja. Pa mtsinje wa kumalire anthu anali ambiri, madzi akulekeza m'chifuwa. Julião anabereka amayi ake kumsana. Atafika tsidya la Malawi anatembenuka, Carlota panalibe.

Anakhala mu kampu ya othawa nkhondo zaka zingapo. Mmenemo anaphunzira kutayipa mu ofesi yogawa chakudya, mmenemonso anaika maliro a amayi ake. Mtendere utabwera sanafulumire. Malole oyamba obweza anthu kwawo ananyamuka iye n'kutsala, akuyenda m'makampu ena kufunsa za mlongo wakeyo. Anabwerera ndi otsiriza.

Ku Mongue anapeza tchire ndi mitengo ya mango. Anadula, anatentha, analima. Koma mundawo sankautcha wake. Kuno nthaka ndi ya akazi: ya mayi imapita kwa mwana wamkazi, mwamuna amakalima kwa mkazi wake. Julião ankangosungira Carlota. Anakwatirapo kamodzi. Akuchikazi atamuuza kuti asamukire kwawo monga mwa mwambo, anakana kusiya mundawo, ukwati n'kuthera pomwepo. Sanadandaule. Pamaliro ankakumba nawo manda, paukwati ankanyamula nawo mabenchi, nkhope ili chimodzimodzi.

Patapita zaka, bungwe lina linatsegula kaofesi m'tauni ya Milange, kuseri kwa msika, kothandiza anthu kupeza abale amene anasiyana nawo pothawa. Linabweretsa makatoni a mapepala a anthu obwerera, kompyuta imodzi ndi jenereta. Ankafuna munthu wodziwa kutayipa. Julião analowa ntchito. Ankagona m'kachipinda ka kuseri, Loweruka n'kupalasa njinga kupita kumunda.

Mayina onse ankalowa m'nkhokwe imodzi m'kompyutamo: dzina la munthu, la mayi ake, kumene anabadwira, ndi dera, kapena kuti posito, limene anakakhalako atabwerera. Mayina atachuluka, makina anayamba kulemera. Ukalemba dzina, ankawerenga mzere uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, anthu ali chiimire pakhonde, jenereta ikumwa gazolina. Ena ankabwerera kwawo osathandizidwa.

Bungwelo linatumiza Angélica, mtsikana wa kuno komwe amene anakaphunzira za makompyuta ku Quelimane. Ankamutcha Julião titiyo, kutanthauza malume, ngakhale panalibe chibale. Angélica anagawa nkhokwe ija m'zipinda, posito iliyonse chipinda chake: Milange, Mongue, Majaua, Molumbo.

"Titiyo, taonani," anatero Angélica. "Mukalemba dzina, muzilembanso posito. Makina azilowa m'chipinda chimenecho chokha. Zinazo azizidumpha, osatsegula n'komwe."

"Wofuna nyemba samasula thumba la chimanga," anatero Julião.

"Eya. Inu mwakhala mukumasula matumba onse, n'chifukwa chake imvi zakupezani msanga."

Ntchito inapepuka. Munthu ankati asanatsamire bwino pa zenera, yankho latuluka. Pakhonde panayamba kuoneka simenti. Mabwana a ntchito anasangalala chifukwa chigubu cha gazolina chinkakhalitsa.

Mapepala otsala m'makatoni ankalowabe pang'onopang'ono. Lachisanu lililonse, anthu akatha, Julião ankalemba dzina la mlongo wake, n'kulemba Mongue. Yankho linkabwera nthawi yomweyo: palibe. Ankazimitsa makina, n'kuwafunditsa chitenje poopa fumbi. Kufulumira kwa yankholo kunkamukomera. Kale ankayenera kukhala pampando akudikira. Tsopano zinkatha asanayambe kumva kalikonse.

Lachisanu lina Angélica anabwera kudzaona makina, n'kumupeza akuchita zomwezo. Anasuzumira pa phewa lake.

"Carlota ameneyu ndani? Titiyo muli ndi chibwenzi?"

"Mlongo wanga."

Angélica anasiya kuseka. "Munamva kuti anabwerera ku Mongue?"

"Akanapita kuti? Kwa amayi n'komweko. Munda wake uli komweko."

"Inu mumalima komweko Loweruka lililonse. Akanakhalako simukanakumana naye panjira?"

"Mongue ndi wamkulu."

"Fufutani Mongueyo. Musiye dzina lokha."

"Gazolina watsala pang'ono."

"Kwa abwana ndikayankha ndine. Fufutani."

Julião anafufuta. Makina anayamba kulira m'kati monga ankachitira kale, akutsegula chipinda chilichonse. Angélica anakhala pa katoni n'kumadya mtedza. Julião anayang'ana buluzi amene anali pakhoma mpaka buluziyo analowa m'denga. Panja wina ankakhoma tayala la njinga.

Anatuluka a Carlota ambiri. Angélica anatsika nawo ndi chala pa galasi. Chala chinaima. Carlota, mwana wa Zefa, wobadwira ku Mongue. Posito: Milange. Malo: kumalire.

"Ndi pompano apa," anatero Angélica motsitsa mawu. "Titiyo, mwaona?"

"Ndaona."

"Tiyeni, ndikuperekezeni."

"Kwada kale. Tsekani zenera."

Kunali kusanade. Julião anafunditsa makina, anakazimitsa jenereta, anasesa pakhonde.

M'mawa mwake anamangirira khasu pa njinga monga ankachitira Loweruka lililonse, koma anakhotera kumalire. Msewu umenewo anali asanaupondenso chibwerere. Anapeza fumbi, njinga zolemedwa ndi matumba a nyemba, amuna onyamula katundu akukanganirana kasitomala, ndi amayi ogulitsa malonda atandandalika m'mbali mwa msewu. Anafunsa mayi wina wa mandasi.

"Carlota wa nthochi? Uyo, pansi pa mthunzi."

Anali mayi wowonda, wa imvi, atakhala ndi mwendo umodzi wotambasula monga ankakhalira mai Zefa. Julião anatsamiritsa njinga pa mtengo.

"Nthochi, bambo?" anafunsa mayiyo.

"Ndine Julião."

Mayiyo anamuyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumaso mpaka ku nsapato, n'kubwereranso kumaso.

"Wakalamba," anatero.

"Inunso, achemwali."

Carlota anasuntha beseni kuti mlongo wake akhale. Anakhala moyandikana, onse akuyang'ana msewu.

"Amayi?"

"Anatsala mu kampu. Chifuwa."

Carlota anagwedeza mutu. Kenako anafotokoza zake mwachidule, ngati akunena za munthu wina. Madzi anamukokera kumunsi. Anamuvuula ndi mwamuna wina, anthu a mwamunayo n'kupita naye ku kampu ina. Anakwatiwa naye. Anabwerera ndi malole oyamba. Mwamunayo anamwalira, ana alipo.

"Ku Mongue ndinapitako chaka chomwe ndinabwerera," anatero Carlota. "Ndinapeza tchire. Anthu anati a kwa Zefa onse anafera ku Malawi. Ndinati iweyo ngati uli moyo uli kwa mkazi. Mwamuna ungakamufune kuti?"

"Ndilibe mkazi."

"Ndi nkhope imeneyi sindikudabwa."

Julião anatola tsamba louma la nthochi n'kuling'amba pakati.

"Munda ulipo," anatero. "Ndakusungirani."

"Munda uti?"

"Wa amayi."

"Zaka zonsezi?"

"Eya."

Carlota anayang'ana khasu limene linali pa njinga. Anasisita bondo lake.

"Mwendo uwu sulimanso. Ana anga ndi a pamalire pano. Wamkazi amaoda zitenje, khasu salidziwa. Lima iweyo."

"Si wanga."

"Ndakupatsa."

"Anthu adzanena."

"Anene. Mwini wake ndine, si choncho?"

Kunabwera munthu wonyamula katundu, thukuta lili chuchuchu, n'kufuna nthochi. Carlota anakangana naye, anamutcha mbava, munthuyo anamutcha apongozi, anagula n'kumapita. Carlota anathyola nthochi imodzi yakupsa kwambiri, yosagulitsika, n'kupatsa mlongo wake. Julião anasenda n'kudya.

"Ubwere mawa tikatuluka m'tchalitchi," anatero Carlota. "Udzaone ana. Sadziwa kuti ali ndi malume."

"Mawa ndikhala ndikupalira. Udzu wakula."

"Ndiye liti?"

"Lolemba, ndikaweruka."

"Lolemba. Nyumba ili kuseri kwa chigayo, ukafunsa akakulozera."

Julião anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa thalauza, anakanikiza tayala ndi chala kuona ngati muli mpweya. Carlota anali atayamba kale kuitana kasitomala wina. Julião anakwera njinga n'kulowera msewu wa ku Mongue, kukapalira munda wake.