Chiwongolero chinandiululitsa tchimo limene sindinachite

Anthu ena ndikawafotokozera izi amaseka, amati ndi nkhani za pamowa, koma ine mowa sindilawa, ndipo zimenezi zinandichitikira masana dzuwa likuswa mtengo.

Nthawi imeneyo ndinali mkamwini kufupi ndi Chiringa, ndipo ndinkayendetsa galimoto ya bwana wina wa ku ofesi za boma, munthu wochokera kumpoto. Anali atangogula kumene galimoto yakale yochokera ku Japan, yodzaza ndi mabatani olembedwa zilembo zonga mapazi a nkhuku. Ndinkayenda nayo m'misewu yathu yafumbi ya ku Phalombe, osandivuta olo tsiku limodzi.

Ndiye mkazi wanga, amene anali ndi pakati poyamba, matenda anamuyamba. Azamba analimbana naye mpaka kugwa mphwayi, kuchipatala chaching'ono anati mwana wakhala mopingasa, tithamange naye ku Mulanje, koma ambulansi inali itapita kwina. Bwana anandiponyera makiyi osafunsa zambiri. Mkazi wanga anagona kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya amayi ake, apongozi anga, amene mwamwambo sitinkayang'anana n'komwe kumaso.

Pafumbi tinayenda bwino. Zinthu zinasintha titakwera patala, pamsewu wa mizere yoyera. Ndinaponda moto, ndipo kutsogolo kunali anthu a njinga atasenza matumba a mpunga, ndiye monga timachitira tonse ndinakhotera pakati pa msewu kuti ndiwalambalale. Abale anga, chiwongolero chinakana! Chinandikankha kubwerera kumanzere, komwe kunali njingazo, ngati pali dzanja lina limene lachigwira. Kenako kunalira kabelu, ndipo mawu a mzimayi anayankhula m'galimotomo m'chilankhulo chachilendo. Wanjinga mmodzi ndinamuphonya pang'onong'ono, mpaka anagwera muudzu.

Ndinayesanso, zomwezo. Kumbuyo mkazi wanga anali atasiya kukuwa, akungobuula motsitsa, zimene zinandiopsa kuposa kukuwako. Ndiime? Ndikaima afera pamsewu. Ndipitirire? Ndipha munthu.

Apa ndi pamene apongozi anataya ulemu wonse. Anandifunsa kuti mzimayi akuyankhulayo ndi ndani. Anati paja akuluakulu amanena kuti mwana akamakana kubadwa ndiye kuti bambo anayenda njira zamseri, ndipo tsopano ngakhale galimoto ikukana. Anandichonderera akulira kuti ndiulule, mwana wawo asafe chifukwa cha kuuma mtima kwanga.

Ine, Mulungu ndi mboni, sindinagonepo kunja. Ndinakana, ndinalumbira, koma chiwongolero chinandikankhanso, ndipo pagalasi ndinaona maso a mkazi wanga akutembenuka. Mukanakhala inu mukanatani? Ndinakuwa kuti inde, ndinalakwa ndi mzimayi wina wogulitsa nsomba, andikhululukire. Mzimayi ameneyo kulibe, ndinangomupeka pomwepo.

Nthawi yomweyo tinalowa pamsika wodzaza anthu, ndinachepetsa liwiro, ndipo chiwongolero chinafewa, mawu aja ziii. Apongozi anangondiuza kuti, mwaona tsopano? Tinafika, anamuchita opaleshoni, ndipo mayi ndi mwana wamkazi anapulumuka.

Patapita miyezi, makaniko wina wa ku Limbe anandionetsa kakamera kali kuseri kwa galasi loonera kumbuyo. Anati kamaona mizere ya pamsewu, ndipo ukamathamanga n'kudutsa mzere osayatsa indiketa, galimoto imaganiza kuti wasinza, ndiye imakubweza. Ukachepetsa liwiro imakusiya, ndipo pafumbi siona kanthu. Anandionetsanso batani lozimitsira, limene linali pafupi ndi bondo langa ulendo wonse uja.

Ndinathamangira kunyumba ndi nkhaniyo ngati ndatola ndalama. Mkazi wanga anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa modekha kuti ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani chiwongolerocho chinandisiya nditangoulula. Ndinafotokoza za liwiro, iye anangopitiriza kuyamwitsa mwana.

Lero ndikudziwa kuti panalibe mfiti kapena mzimu, chinali chipangizo chofuna kundithandiza pamsewu umene sichinkaudziwa. Koma paja amati mlandu suwola. Mwana uja ndi wamkulu tsopano, banja lilipo, komabe tikamadutsa pamsika wa nsomba mkazi wanga amayang'ana azimayi aja mmodzimmodzi, ndipo mtima wanga umawawa.

Madalaivala anzanga, galimoto yachilendo muzifunsa ntchito ya batani lililonse musanailize, ndipo indiketa muziyatsa ngakhale mukulambalala njinga. Ine ndinapulumutsa mkazi wanga tsiku limenelo, koma mpaka lero akundikhululukirabe tchimo limene sindinachite.