Mchere wa Pakhomo ku Highfields

Fungo la lavenda wouma likandipeza, kaya m'sitolo kaya m'basi, ndimabwerera kuseri kwa nyumba ina ku Highfields. Kunali kabwalo ka njerwa, kakang'ono ngati khola la mbuzi, kodzaza ndi miphika ya zitsamba. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, nditangofika kumene ku Leicester.

Amayi anandisiya ku Thyolo kwa amalume ndili wamng'ono. Anabwera kuno ndi banja la amwenye a ku Limbe limene ankaligwirira ntchito, ndipo panapita zaka asanandiitanitse. Ndinafika sukulu zili pafupi kutsekera, choncho anati ndidikire kaye. M'mawa amayi ankapita ku Spinney Hill kukaphika ndi kuthandiza m'golosale ya abwana awo, ine n'kutsala ndekha. Anandiletsa kutsegula chitseko chakumaso. Za chitseko chakuseri sananene kanthu.

Chilimwe cha kuno chinandizunguza mutu. Dzuwa silinkafuna kulowa. Mumsewu munkanunkhira anyezi wokazinga ndi adyo, azibambo a mikanjo yoyera ankadutsa kupita ku mzikiti, ndipo galimoto ya ayisikilimu inkaimba kanyimbo kamodzi komweko tsiku lonse. Ana ankasewera mpira akukuwa m'Chizungu chothamanga chimene sindinkachigwira. Ine ndinkakwera pakhoma la kuseri n'kumangoyang'ana.

Kutsidya kwa khomalo kunkakhala mzungu wachikulire, Mayi Pauline. Anali atapuma pantchito ya kufakitale ya masokosi, ndipo zala zawo zinali zopindika chifukwa cha makina. Tsiku loyamba ndinawaona akusesa pabwalo posesedwa kale, tsache lili m'mwamba, losakhudza pansi. Ndinaseka. Iwo anatembenuka n'kundifunsa m'Chizungu, "Ukuseka chiyani, me duck?"

Chizungu changa chinali cha ku pulayimale, koma liwu limenelo ndinkalidziwa. Duck ndi bakha. Ndinadziyang'ana miyendo. Pambuyo pake ndinamva kuti anthu a ku Leicester amatchula choncho aliyense, ngakhale woyendetsa basi wandevu.

Mawa lake ndinadumpha khoma. Tinkalankhula ndi manja, mawu akakanika. Anandiuza kuti iwo ndi witch, ndipo chipembedzo chawo ndi Wicca. Liwu lakuti witch sitinaphunzire kusukulu. Ndinaganiza kuti ndi dzina la ntchito yosamalira zitsamba, ndipo ndinalikonda.

Anayamba ndi mphuno yanga. Ndinkatsinzina, iwo n'kufikisa tsamba pakati pa zala, ine n'kutchula dzina lake: minti, rozimeri, lavenda. Ndikalakwa ankandipatsa tsambalo kuti nditafune. Kenako kunabwera tsache. Anati tsache limenelo silichotsa fumbi, limachotsa zimene munthu wabwera nazo mumtima, mkwiyo ndi phokoso la mumsewu. Ndinasesa m'mwamba ngati iwo, manyazi akundigwira, ndipo nditamaliza pabwalo panali zii. Mwina kunali chete kale. Koma ine ndinamva.

Pakatebulo kawo panali zinthu zinayi. Nthenga ya njiwa kum'mawa, kandulo kum'mwera, kambale ka madzi kumadzulo, kambale ka mchere kumpoto. Mphepo, moto, madzi ndi nthaka. Anandiphunzitsa kupeza mbali zimenezi popanda kufunsa munthu: kum'mawa ndi kumene dzuwa limatulukira pamwamba pa chumuni cha aneba, kumpoto ndi kukhoma lomera ndere. Chiyambire kufika kwanga, ndinali ndisanadziwe kumene ndaima. Tsiku limenelo ndinadziwa, ndipo ndinaloza ndi chala kumene kuli Thyolo. Mtima unagunda ngati ndagoletsa chigoli.

Ndinkafuna zamphamvu msanga. Ndinkafuna kuti kandulo iyake yokha, kapena njiwa itere paphewa langa. Mayi Pauline ankangoti woyamba kumene amayamba ndi kukhala chete. Ankandikhazika pansi, msana kukhoma lofunda, kuti ndimvetsere mpweya wanga. Ntchito yovuta kuposa kulima. Malamulo awo anali ochepa: usapweteke munthu, usachitire munthu kanthu asanakulole, ndipo chimene watumiza chimabwerera kwa iwe.

Matsenga anga oyamba anali a nyemba. Anandipatsa mbewu imodzi ya mawangamawanga ndi kamphika ka dothi. Anati ndiifumbate mpaka itenthe, ndiiuze chinthu chimodzi chimene ndikufuna, kenako ndiibzale. "Koma ukapanda kuthirira, palibe matsenga," anatero. Ndinaithirira mpaka anandilanda chitini. Itamera ndinakuwa, galu wa aneba n'kuyamba kuuwa. Usiku umenewo tulo sitinabwere. Ndinkadziona ngati munthu wamkulu amene ali ndi ntchito yake mumzinda wa eni.

Chinthu chimodzi anandikaniza. Pa zikondwerero zawo ankathira mchere pansi mozungulira, n'kuima mkati kupemphera. Ine ndinkaonera kunja kwa mzerewo. Anati tsiku lalitali koposa pachaka likuyandikira, ndipo tsiku limenelo ndidzathira mchere ndi dzanja langa, pokhapokha amayi atavomera. Anati adzabwera okha kudzapempha. Ndinayeserera ndi mchenga, ndi shuga, ngakhale ndi madzi, kuti mzere wanga udzakumane bwino.

Lamlungu lotsogozana ndi tsikulo tinapita ku Belgrave, kunyumba ya Amalawi anzathu kumene tinkasonkhana tikatuluka m'tchalitchi. Munali mpunga, nkhuku ndi phokoso. Mnyamata wina wa ku yunivesite, achimwene Gift, anandigwira paphewa.

"Mfana, sukuboweka m'nyumba tsiku lonse?"

"Ayi. Ndikuphunzira za witch kwa aneba," ndinayankha mokweza, kuti onse amve.

Achimwene Gift anayamba kuseka, kenako anasiya. "Amayi, mwana uyu akudziwa zimene akunena? Witch ndiye mfiti."

Masipuni anaima. Mayi wina anakokera mwana wake pafupi. Ine mfiti ndinkaidziwa. Imauluka pa lichero, imafukula manda, imatenga ana usiku kukawadyetsa nyama ya anthu. Kwathu ndinaonapo agogo ena akugendedwa chifukwa cha dzina limenelo.

Tinakwera basi. Amayi anandigwira pamkono mpaka zala zawo zinadinda. Titafika anandivula malaya n'kundiyang'ana thupi lonse kufuna mphini.

"Anakupatsa nyama?"

"Sadya nyama. Ngakhale nkhuku."

"Amabwera kudzakutenga usiku?"

"Amagona dzuwa lisanalowe."

"Usandiyankhe ngati ndine mnzako!"

Anatulutsa khadi yoimbira foni kumudzi n'kuiika patebulo. "Sindinakuitanitse kuti udzatayike kuno. Ndiwaimbira amalume ako. Ubwerera ku Thyolo, abusa akakupempherere." Kenako anatenga mchere wa mibulu umene unachokera kumudzi, n'kuuthira pakhomo lakumaso, pakhomo lakuseri ndi m'mbali mwa khoma. Kwathu aliyense amadziwa kuti mfiti ndi mchere sizionana. Ine sindinalire. Ndinangoyang'ana khadi ija. Ndinali nditadikira zaka kuti ndigone nyumba imodzi ndi amayi.

Mawa lake amayi sanapite kuntchito. Linali tsiku lalitali lija. Kunja kunawala bwino, njuchi zikulira m'maluwa a kutsidya, ife tili m'nyumba makatani otseka. Khadi inali pomwepo. Amayi ankaizungulira, akupukuta tebulo losada.

Masana tinamva geti yakumaso ikulira. Tinasuzumira pakatani. Anali Mayi Pauline, atavala epuloni yawo ya m'dimba. Atafika pamchere anaima.

"Waona?" ananong'ona amayi. "Waima."

Mayi Pauline anawerama n'kuuyang'ana mzerewo kuyambira uku mpaka uko. Anapukusa mutu. Anapisa dzanja m'thumba la epuloni, natulutsa kabotolo, n'kuthira mchere wawo pakona pamene mzere wa amayi unaduka. Anasalaza ndi chala, ananyambita chalacho, anadutsa, n'kugogoda.

Amayi anakhala kanthawi dzanja lili pakamwa. Kenako anatsegula.

Chizungu cha amayi chinali cha kukhitchini ndi m'golosale, koma chinakwana. Mayi Pauline anati, "Mchere wanu unali ndi mpata, ndatseka. Ndabwera kudzapempha kuti mwana wanu athire wanga lero. Mukakana, nkhani yatha."

"Inu ndinu witch?" anafunsa amayi.

"Inde."

"Mwadya anthu angati?"

Mayi Pauline anaseka, koma ataona nkhope ya amayi kusekako kunathera panjira. Anafiira mpaka m'makutu. Ananena motsitsa kuti sanadyepo chamoyo chilichonse chiyambire utsikana wawo. Ine ndinalephera kupirira. Ndinati m'Chichewa, "Amayi, ine amanditchula bakha. Kodi ndine bakha?"

"Khala chete, bakha iwe," anatero amayi osandiyang'ana.

Anawalowetsa. Anaika patebulo mbale ziwiri, ina ya nkhuku yotsala dzulo, ina ya mtedza wokazinga, n'kuwonjezera mchere pamtedzawo mpaka kuyera. Mayi Pauline anakankha nkhuku mwaulemu. Mtedza anadya wonse, akutsokomola, misozi ili m'maso, n'kupempha madzi. Amayi anawayang'ana kukhosi pa kumeza kulikonse. Atatha kudya, amayi anati akufuna kukaona kumene ndimapita.

Tinadzera kumaso, ngati alendo enieni. Amayi anayenda pakati pa miphika manja ali kumbuyo. Ananunkhiza minti. Anayang'ana kandulo, nthenga ndi tsache, ndipo anasuzumira kuseri kwa chitseko, ndikuganiza ankafuna lichero. Anaima pa nyemba yanga, imene inali itayamba kukwera ndodo.

"Iyi ndi yake," anatero Mayi Pauline. "Anaipempha kanthu pobzala. Sanandiuze, ndipo sindinafunse."

Amayi anatembenukira kwa ine. "Unapempha chiyani?"

Sindinkafuna kunena. Ndinayang'ana njerwa. "Kuti musadzandisiyenso."

Amayi anagwada, anatsina dothi la mumphikawo n'kulifikisa kwa nthawi yaitali. "Lauma ili," anatero. "Thirira."

Chigamulo anapereka ali chiimire. Zitsamba inde, tsache inde, kukhala chete inde, ndipo anati ndichulukitse. Kandulo ayi, mapemphero ayi, kulowa mumzere wa mchere ayi, kufikira nditamera ndevu n'kumadzilipirira ndekha lendi. Mayi Pauline anavomera osatsutsa ngakhale liwu limodzi.

Tsiku limenelo sindinathire mchere. Ndinakhala pakhoma, mwendo uku mwendo uko. Mayi Pauline anazungulira okha, maluwa achikasu ali kumutu, akuyamika dzuwa ndi manja awo opindika. Kumbali yathu amayi anatsegula windo la kukhitchini n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi mokweza, kuti ifike kutsidya. Ine ndinali pakati, ndikumva zonse ziwiri, ndipo ndinkafuna kuvina. Khadi ija amayi anaimbira amalume Loweruka, kufunsa za mvula ndi mbuzi.

Mzere wanga woyamba ndinathira ndili ndi ndevu, Mayi Pauline atamwalira kale. Unakhota. Amayi mpaka lero amandipempherera pa nkhani imeneyi, ndipo ine sindiwaletsa. Sanawatchulepo mayi aja mfiti, kapenanso witch. Ankangoti "amayi a mchere aja".

Ndili mwana ndinkati mchere ndi umene unandipulumutsa: mfiti ikanaima, iwo anadutsa, mlandu unatha. Ndinkatinso nyemba yanga inagwira ntchito. Pano ndimaganiza za khadi ija. Inagona patebulo usiku wonse ndi m'mawa wonse, foni ili pafupi, amalume ali ndi foni yawo m'thumba. Amayi sanali munthu wozengereza. Ankapukuta tebulo loyera kale, makutu ali kugeti, kudikira kuti wina agogode n'kuwapatsa chifukwa choti ndikhale.