Mkuwa Wopyapyala wa Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene amayi ananditumiza kuchokera kwathu ku Katete kupita ku Lusaka kukakhala ndi amalume ku Kabwata. Amalume sankandifuna, ndipo sankabisa. Ankapanga machaja a mabatire a galimoto kuseri kwa nyumba, ine ntchito yanga inali kugwedeza beseni la asidi momwe ankaviikamo timabodi tokutidwa ndi mkuwa. Asidiyo ankadya mkuwa wonse n'kusiya tinjira tokha timene amalume anajambula, todutsamo magetsi. Zala zanga zinkakhala zachikasu sabata yonse.

Kenaka makasitomala anayamba kubweza machaja. Tinjira tija tinkapsa n'kuduka.

"Ni iwe!" amalume anakalipa. "Umasiya mabodi mu asidi, maso yali ku anyamata pa mseu. Mailo ubwelela ku Katete."

Kubwerera ku Katete mawa lakelo kunali kusiya sukulu. Ndinati sindine. Khofi limene anandimenya linandigonthetsa khutu mpaka madzulo.

Akazi awo atayamba kundiikira kumbuyo, amalume anafuna kutichititsa manyazi tonse awiri. Anadula kachidutswa pa bodi latsopano, n'kuyeza m'litali ndi m'lifupi mwake, kenaka anakaika pa kasikelo kawo kakang'ono. Anandilamula kukaviika mpaka mkuwa wonse utatha, n'kukaikanso pa sikelo. Kulemera kumene kunachokapo ndiko kunali kwa mkuwa. Poyerekeza kulemerako ndi kukula kwa kachidutswako, akanadziwa kuchindikala kwa mkuwawo.

"Muzaona, mkuwa uli che bwino," anatero akudina kakyuleta.

Anadina, n'kudinanso. Anadula chidutswa china, tinabwereza. Yankho linali lomwelo: mkuwa unali theka chabe la umene wogulitsa mabodi wa ku msika wa Kamwala anawauza. Tinjira totere tikanapsa ngakhale akanagwedeza beseni ndi iwo eni.

Ndinaima ndikudikira mawu amodzi okha, akuti pepa. Amalume anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Uyangana chani? Chosa vinthu apa."

Ku Katete sindinapite. Ndinakhala m'nyumba ija mpaka kumaliza sukulu, tikungopatsana moni wouma.

Lero ndine mphunzitsi wa sayansi, ndipo ana amandibweretsera milandu tsiku lililonse. Sindiweruza ndisanafufuze. Chimene ndimamvetsa tsopano n'chakuti amalume ankadziwa kuyeza mkuwa kuyambira kalekale, akanatha kuyamba ndi zimenezo. Anayamba ndi tsaya langa chifukwa mwana wa mlongo wawo analibe koti n'kukadandaula.