Mkondo Wanga Unkafuna Faivi

Masewerawo anabwera ndi msuweni wanga, mwana wa amalume, pa holide yaitali fodya atatha kugulitsidwa. Iye ankaphunzira sekondale yogonera komweko ku Lilongwe, ndipo ndi kumene anaona anzake akusewera. Ife tinkangowatchula kuti Ulendo. Munthu mmodzi amafotokoza nkhani, ndipo ena onse aliyense amakhala ndi munthu wake m'nkhanimo. Ukafuna kuchita chinthu chovuta, monga kuwoloka mtsinje wodzaza kapena kulasa mdani, umaponya dayisi. Wofotokozayo ndi amene amanena nambala imene uyenera kufikapo.

Dayisi tinaichotsa mu ludo yakale. Malo athu anali chigafa cha amalume, kuno ku Mitundu, momwe nthawi imeneyo munali fungo la fodya lokha. Aliyense ankapatsidwa njere khumi za chimanga, ndipo umenewo unali moyo wake. Mdani akakumenya, msuweni ankatolapo njere. Zikatha ndiye kuti wafa. Umakhala pambali n'kumaonerera anzako mpaka Ulendo wina udzayambe, kutanthauza holide ina.

Poyamba osewera tinali ine ndi anyamata awiri amapasa a nyumba yoyandikana nafe. Ine ndinkakhala kudzanja lamanja la msuweni, ndipo ndine ndinkamujambulira mapu kuseri kwa kalendala yakale. Kusukulu ndinali munthu wosakweza dzanja ngakhale yankho ndikulidziwa. Koma m'chigafamo munthu wanga anali mlenje wamkazi wonyamula mkondo, ndipo iye ankayankhula.

Kenako kunabwera mnzake wa msuweni wa kusukulu, kwawo ku Nathenje, kudzacheza kwa amalume. Anali wamtali, woseka mokweza, womwetsa zigoli pa mpira wamanja. Atangolowa m'chigafamo anakhala pansi pamalo panga. Sanadziwe kuti ndi panga. Ine ndinasuntha, n'kukhala pafupi ndi mzati.

Tsiku lomwelo msuweni anati masewera athu akusowa chinthu chimodzi. Kusukulu anaona kuti munthu aliyense wa m'nkhani amakhala ndi luso lake limene limafewetsa dayisi, koma sanafunse kuti lusolo amalipeza bwanji. Ndiye anaganiza yekha kuti luso la munthu wa m'nkhani lizikhala luso la mwiniwake. Anaika chitini pa chitsa n'kutiuza kuti tigende. Wa ku Nathenje anachigwetsa ndi mwala woyamba. Amapasa aja, poti anakulira legeni, anachikhudza. Mwala wanga unapita kumene kunali nkhuku za azakhali.

Msuweni anagamula pomwepo. Pa nkhondo, mnzakeyo azifuna firii kapena kuposa. Amapasa azifuna folo. Ine faivi.

"Nanga ineyo luso langa n'chiyani?" ndinafunsa.

"Iwe umalemba bwino," anatero mmodzi wa amapasawo. "Tikakumana ndi chilombo chofuna kukopera manotsi tikuitana."

Onse anaseka. Wa ku Nathenje anaseka kwambiri kuposa onse, kenako anandisisita pamutu ngati mwana wa mbuzi.

Kuyambira pamenepo nkhondo zonse zinali zake. Iye akaponya, mdani ankagwa. Ine ndikaponya folo, nambala yabwinobwino, msuweni ankati, "Mkondo wako wadutsa pambali." Ndipo mdani amene sunamugwetse ndi amene amakubwezera. Njere zanga zinkachepa, zake zili mulu. Msuweni akamafotokoza nkhani ankayang'ana iyeyo, mawu onse okoma ankapita kwa iyeyo: mkondo wake unkalira m'mwamba, adani ankanjenjemera atangomva dzina lake. Wanga unkangodutsa pambali.

M'mawa wina tili awiri ku mjigo ndinalimba mtima.

"Asisi, dayisi ija ili ndi mbali sikisi. Mnzanuyo mbali zinayi ndi zake, ine ziwiri zokha. Iye akamenya kawiri, ine ndimenya kamodzi. Bwanji tonse tizifuna folo, ndiye aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene munthu wake amachitha?"

Ndinali nditaziyeseza m'mutu kuyambira dzulo lake. Msuweni anali akupopa madzi, maso ali pa ndowa.

"Iwenso ndi masamu ako. Ungophunzira kugenda basi. Tandisenzetsa."

Ndinamusenzetsa. Masana amenewo ndinapita kuseri kwa khola ndi chitini changa, n'kumagenda mpaka phewa linawawa. Madzulo ndinalemba m'kope langa kuti mtsikana wa ku Nathenje amaseka ngati nkhanga. Kenako ndinafufuta, chifukwa anali atandiluka tsitsi bwinobwino osandikoka, ndipo anandipatsa chipisi chimene anagula pa msika. Zikanakhala zosavuta akanakhala woipa mtima.

Ulendo wathu unafika pa mlatho wa Diamphwe, pamene m'nkhanimo mbava zoba ng'ombe zinatitchingira njira. Ine ndinali nditatsala ndi njere ziwiri. Msuweni anatsitsa mawu n'kunena kuti mkulu wa mbavazo waima patsogolo panga ndi chikwanje, ndipo chikwanje chake chimadya njere zitatu. Ndikaphonya, holide yonse yotsalayo ndikhala woonerera.

Ndinaigwira dayisi m'manja osaiponya.

"Ponya, iwe, ikuswa anapiye," anatero wamapasa uja.

Apo wa ku Nathenje anayasamula, n'kudziwongola.

"Amwali," anauza msuweni, "masewera akowa ayamba kubowa. Ine ndikungomenya, ndikungomenya, mtima sukugunda n'komwe. Taona, dayisiyi ili ndi mbali sikisi. Zinayi zanga, uyu ziwiri. N'chilungamo chimenecho? Tonse tizifuna folo. Ndiye aliyense asankhe chinthu chimodzi chimene munthu wake amachitha, pamenepo pokha azifuna firii. Za chitini zija zisiye, amene akumenyana ndi mbava si ifeyo."

Msuweni anawomba m'manja.

"Eeh, koma iwe! Zoona. Bwanji sitinaganize zimenezi poyamba?"

Ndinamuyang'ana kuti mwina akumbukira. Sanandiyang'ane. Anali atayamba kale kufunsa amapasa aja luso limene akufuna. Ndinayang'ana zinyenyeswa za fodya zimene zinali pansi.

"Chabwino, lamulo latsopano," anatero msuweni. "Ukufuna folo. Ponya."

Dayisi inagubuduka, inagunda mzati, n'kuima. Folo.

Amapasa anakuwa. Msuweni anafotokoza mmene mkulu wa mbava anagwera m'madzi, ndipo kanali koyamba kuti mkondo wanga nawonso ulire m'mwamba. Wa ku Nathenje anandikumbatira mwamphamvu. Ankanunkhira mafuta abwino a m'tauni.

"Umuthokoze ameneyu," anatero wamapasa uja. "Akanapanda iyeyu bwenzi tikuimba nyimbo za maliro."

"Zikomo," ndinatero.

"Usadandaule, mng'ono wanga," anayankha, ndipo ankanenadi kuchokera pansi pa mtima.

Sindinafe pa Ulendo umenewo. Ndinafika kumapeto ndi njere zanga ziwiri. Lamulo lija tikuligwiritsabe ntchito, ndipo ndi labwino: nkhondo zimakoma, palibe amene amadziwiratu kuti apambana. Amapasa analipatsa dzina lakuti lamulo la ku Nathenje, ndipo dzinalo linakhazikika.

Tsiku la pa mlatho lija, ena onse atatuluka, ndinatsalira kutola chimanga kuti nkhuku zisadye. Msuweni anabwerera kudzatenga dayisi. Anali akumwetulirabe.

"Mnzangayu ali ndi mutu, eti?"

"Eya," ndinatero, n'kumupatsa dayisiyo.