Mayi Matewere ndi Khutu la Mwaiwathu

Ku South Bend, mukafunsa Mmalawi aliyense amene mwana wake amaimba piyano kuti anaphunzira kuti, yankho limakhala limodzi: kwa mayi Ida Matewere. Komatu mayiwa alibe satifiketi ya za nyimbo. Ntchito yawo ndi yosamalira okalamba: kuwasambitsa, kuwadyetsa, kuwatembenuza pabedi kuti asachite zilonda. Anaiyamba mu 2003, chaka chimene anatsatira amuna awo, bambo Lucious, omwe anabwera kudzaphunzira unamwino.

Mayi Matewere anabadwira ku Mulanje, m'nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Kutchalitchi kwawo kunali limba lakale lopopa ndi mapazi, ndipo Ida ali ndi zaka khumi ankakhala pafupi ndi mkulu amene ankaliimba, maso ali pa zala zake. Mkuluyo atadwala, kamtsikanako kanangokhala pampando n'kuyamba kuimba, mpingo wonse kukamwa yasa. Nyimbo ankaigwira ndi khutu. Akaimva kawiri, basi yalowa. Koma timadontho takuda ta m'buku la nyimbo kwa iye tinali ngati nyerere zongoyenda papepala, ndipo anakula choncho mpaka kufika ku America.

Amene anawatsegula maso anali mmodzi mwa okalamba omwe ankawasamalira, agogo Joan, mzungu amene anaphunzitsa piyano zaka makumi anayi nyamakazi isanawapinde zala. Tsiku lina anamva mayi Matewere akuimba pa piyano ya m'chipinda chochezera cha kunyumba ya okalambako pa nthawi yopuma, ndipo anawakodola.

"Manja uli nawo, koma suona," anatero agogowo. "Pita ukanditengere bokosi lili pansi pa bedi langa."

M'bokosimo munali mabuku a nyimbo okhaokha. Kwa zaka ziwiri, mayi Matewere ankadya chamasana chothamanga kuti apeze mphindi khumi ndi zisanu zophunzira manotsi, timadontho takuda tija. Anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi pamene anawerenga tsamba loyamba lathunthu popanda wowathandiza. Mu 2011 anayamba kuphunzitsa ana a Amalawi anzawo Loweruka lililonse, m'chipinda cha pansi pa tchalitchi.

Mwa ana onsewo, amene ankamunyadira kwambiri anali Mwaiwathu, mwana wamkazi wa bambo Dixon Magombo, omwe ankagwira ntchito yoyeza magazi kuchipatala. Mwanayu nyimbo imene anzake ankalimbana nayo mwezi wathunthu, iye ankaimaliza sabata imodzi. Banjali litasamukira ku Speedway, pafupi ndi Indianapolis, pakati pa chaka cha 2014, mayi Matewere anadandaula ngati wachoka ndi mwana wawo wobereka.

Mu Okutobala foni inalira. Anali bambo Magombo.

"Achemwali, kuno kuli sekondale ya ana aluso. Salowa chisawawa, mwana amakaimba pamaso pa oweruza. Mwai wakakamira kuti akufuna kukayesa mu Febuluwale. Ife za piyanozi sitizidziwa. Mungatithandize?"

"Akufuna chiyani oweruzawo?"

Bambo Magombo anawerenga kalata ya kusukuluko. Mwana aimbe nyimbo ziwiri zoloweza pamtima, ina yofatsa ina yothamanga. Aimbe masikelo, kukwera ndi kutsika. Pomaliza ampatse pepala la nyimbo imene sanaionepo, aliyang'ane kwa theka la mphindi, aimbe.

"Zimenezo ndiye zochepa kwa Mwai," anatero mayi Matewere. "Loweruka ndikubwera."

Anadiraiva maola awiri ndi theka, minda ya chimanga chouma ili mbali zonse za msewu. Atafika, anasankha nyimbo ziwirizo ndipo zinayenda bwino. Kenako anatsegula buku lina n'kuliimika pa piyano.

"Imba iyi."

"Muyambe mwandiimbira kamodzi, anti," anayankha Mwaiwathu m'Chingerezi, monga achitira ana okulira kuno.

"Oweruza sadzakuimbira. Imba."

Mwanayo anayang'ana pepala, n'kuyang'ana zala zake. Anagunda notsi imodzi, n'kuima. Anawerenga mizere ndi chala, kugunda ina, kuimanso. Mzere umodzi wokha unamutengera nthawi yoti munthu n'kuwiritsa madzi a tiyi. Kenako misozi inayamba kugwera pa makiyi.

Apo m'pamene mayi Matewere anaona pamene panagona vuto. Zaka zitatu zonsezo, nyimbo iliyonse yatsopano ankayamba aimba iwo kuti mwana amve kukoma kwake. Mwaiwathu ankangoitola ndi khutu, maso ali pabuku ngati akuwerenga. Ndipo iwo, amene anakula ndi vuto lomweli, sanazindikire.

Bambo Magombo atalowa n'kuona mwana akulira, nkhope inasintha.

"Ndiye kuti nthawi yonseyi amatinamiza?"

"Ayi, achimwene, musamukalipire. Wolakwa ndine. Ndinkasangalala ndi zomwe ndinkamva, osafufuza kuti akuzitenga kuti. Ndipatseni miyezi inayi imene yatsalayi."

"Mwina tidikire, adzayese chaka china."

"Chaka china malo a kalasi yake adzakhala atadzaza. Ine ndinaphunzira manotsi imvi zitayamba kale. Uyu ali ndi zaka khumi ndi zitatu, angalephere bwanji?"

Kuyambira tsiku limenelo anaika lamulo: Mwaiwathu asamverenso nyimbo za piyano pafoni, ndipo iwo sadzamuimbiranso ngakhale notsi imodzi. Anamusiyira buku la nyimbo zosavuta za ana a zaka zisanu ndi chimodzi. Tsiku lililonse aimbe masamba atatu atsopano, kamodzi kokha, osabwereza, chifukwa akabwereza khutu lija limalanda ntchito ya maso. Mwanayo anakwiya. Munthu amene ankaombedwa m'manja kutchalitchi, lero aziimba tinyimbo ta kumkaka? Masabata awiri oyamba ankalandira mayi Matewere ndi moni wa pakamwa pokha, nkhope ili kumbali. Iwo sanalabadire. Loweruka lililonse ankafika ndi buku lina, ngakhale chipale chofewa chitayamba kugwa ndipo bambo Lucious akudandaula za msewu woterera.

Pofika Disembala mwanayo ankawerenga ndithu, koma panatuluka vuto lina. Akaphonya notsi imodzi ankaima, kubwerera poyambira, kuphonyanso, kubwereranso. Mayi Matewere anafotokozera agogo Joan nkhaniyi akuwapesa tsitsi.

"Bwera naye kuno," anatero agogowo. "Pano pali anthu oti amuchiritse."

Tchuthi cha Khirisimasi, Mwaiwathu anadzakhala kwa a Matewere masabata awiri. Akuluakulu a nyumba ya okalamba analola kuti aziimbira anthu tsiku lililonse ikakwana 2 koloko masana. Ankamukhazika pa piyano, okalamba khumi ndi asanu atamuzungulira pa njinga zawo za olumala, agogo Joan ali pambali pake ndi bokosi lija pamiyendo. Agogowo ankasolola buku lililonse, kutsegula paliponse, n'kumulangiza.

"Theka la mphindi. Yang'ana poyambira, yang'ana pothera, peza malo ovuta. Ukayamba, usaime. Ukagwa, dzuka uli m'njira."

Omvera ake sanali aulemu. Wina ankatsokomola, wina ankafuula kuti akweze mawu, mayi wina ankaimba nyimbo yakeyake yosiyana ndi ya pa piyano. Tsiku lachitatu thireyi ya makapu inagwa pansi, phokoso lili gwengwerere, Mwaiwathu n'kudzidzimuka n'kuchotsa manja.

"Ndani wakuuza kuti uime?" anakalipa agogo Joan. "Makapuwo ndi ako?"

Mwanayo anayang'ana mayi Matewere kuti amuteteze. Iwo anangogwada n'kumatola makapu, ngati sakumuona. Mtima unkawawa, koma anadziwa kuti akamumvera chisoni pamenepo, zonse zithera pomwepo. Sabata yachiwiri, mkulu wina anayendetsa njinga yake mpaka kugunda mpando wa piyano. Mwaiwathu anaphonya manotsi awiri, anaseka, koma manja sanaime mpaka kumapeto. Agogo Joan sanayamikire. Anangotseka buku n'kunena kuti, "Mawa tiyesa lovuta."

Tsiku la mayeso linali Loweruka lachiwiri la Febuluwale 2015, m'mawa wozizira koopsa. Pakhonde la mkati mwa sukuluyo panali ana oposa makumi atatu ndi makolo awo, ena atabwera ndi aphunzitsi ovala masuti, onyamula zikwama zachikopa. Mayi Matewere anadziyang'ana: jekete lawo la kuntchito, nsapato zoyera za m'wodi. Kwa kanthawi anadziona kuchepa. Kenako anaona kuti zala za Mwaiwathu zauma ndi kuzizira, ndipo anaiwala za iwo eni. Anamugwira manja onse awiri n'kuwafungatira m'manja mwawo mpaka atafunda.

"Anti, nanga ndikalakwitsa?"

"Ulakwitsa ndithu. Aliyense pano alakwitsa. Iwe usaime basi."

Dzina lake litaitanidwa, molipotoza monga mwa nthawi zonse, mwanayo analowa yekha. Akuluakulu sankaloledwa. Bambo Magombo anayamba kuyendayenda, koma mayi Matewere anatsamira khoma pafupi ndi chitseko, khutu lili tcheru.

Masikelo anayenda ngati madzi. Nyimbo yofatsa inatuluka mokoma moti mayi wina wachilendo amene anakhala pafupi anasiya kuyang'ana foni yake. Yothamanga nayo inatha bwino. Kenako kunati zii. Mayi Matewere anadziwa kuti pepala lija laikidwa, ndipo anayamba kuwerenga chamumtima. Atafika pa makumi atatu, piyano inalira. Mwana anayamba modekha, osathamanga. Pa mzere wachitatu dzanja lamanzere linagunda polakwika, phokoso lomvekeratu. Mayi Matewere anatseka maso. Koma nyimbo inapitirira, dzanja lija linabwerera m'malo mwake, mpaka notsi yomaliza.

Ankayembekeza kuti chitseko chitseguka, koma sichinatseguke. M'malo mwake anamva munthu wina akuimba kachidutswa kafupi pa piyano, kenako kachidutswa komweko kakubwerezedwa. Kachiwiri kanali kotalikirapo, nako kanabwerezedwa. Kachitatu kanabwerezedwa ndi manja awiri, mawu apansi atawonjezedwa ngati kwaya yathunthu. Mkatimo anthu anaseka mokweza.

Mwaiwathu anatuluka maso akuwala.

"Anati akufuna ayese khutu langa, anti! Mayi wina amaimba, ine ndizibwereza osaona. Kachitatuko ndinangoikamo zanga. Anandifunsa kuti anandiphunzitsa ndani."

"Ndiye unati chiyani?"

"Ndinati anti anga a ku South Bend. Analemba dzina lanu."

Yankho linabwera patatha masabata atatu. Mayi Matewere anali pantchito, akukankha ngolo ya chakudya cham'mawa, pamene foni inanjenjemera m'thumba. Bambo Magombo sanapereke n'komwe moni.

"Achemwali, amutenga! Pa piyano amafuna ana asanu ndi mmodzi okha, ndipo Mwai ali pomwepo!"

Mayi Matewere anaiwala kuti ali ku America. Anaimba nthungululu yaitali pakhonde la wodi, manesi awiri n'kutuluka chothamanga poganiza kuti wina wagwa. Anawapeza akuvina okha pafupi ndi ngolo, misozi ili mbwembwembwe, ndipo atamva nkhaniyo nawonso anayamba kuomba m'manja.

Mbiri inawanda msanga pakati pa Amalawi a m'mizinda iwiriyi. Makolo a ku Beech Grove ndi mbali zina za Indianapolis anapempha kuti mayiwa azibwera kawiri pamwezi, ndipo banja lina linapereka chipinda chochezera kuti chikhale kalasi. Kaphunzitsidwe kawo kanasintha: mwana aliyense, ngakhale wamng'ono bwanji, ankayamba wawerenga yekha asanamve nyimbo. Pofika 2019 ana ena atatu anali atalowa m'sukulu za aluso, awiri ku Indianapolis, mmodzi ku South Bend komweko. Wina mmodzi analephera, ndipo mayi Matewere anapita okha kunyumba kwawo kukakhala naye tsiku lonse.

Chaka chimenecho Mwaiwathu anamaliza sekondale. Pa mwambo wotsazikana, sukulu inamusankha kuti aimbire piyano kwaya ya ana zana limodzi. Mayi Matewere anasinthana shifiti ndi mnzawo, anavala chilundu chatsopano ndi duku, n'kukhala mzere wachitatu pakati pa bambo Lucious ndi bambo Magombo. Woimbitsa kwaya atakweza dzanja, holo yonse inakhala chete kudikira mwana wa Magombo kuti ayambe. Bambo Lucious anawanong'oneza kuti asaiwale kujambula. Iwo anapukusa mutu n'kuika foni m'chikwama.

"Jambulani inuyo," anatero. "Ine ndikufuna ndimve."