Ndinaleka Kutumidwa Madzi

Bambo anga anali katswiri womezanitsa manachesi ku Thambani konse, koma palibe anawaonapo akudula. Ankafesa mandimu m'timachubu kuseri kwa nyumba, mbande zikakula ankatenga diso la nthambi ya nachesi wotsekemera n'kulilowetsa m'khungwa la ndimuyo. Zimenezi aliyense ankazidziwa. Chimene anthu sankadziwa ndi kadulidwe kake: mpeni ulowe mozama bwanji, upendekeke chotani, amange mothina motani kuti diso lisaume. Ine ndinkawanyamulira timachubu, kuwanolera mpeni, kuwang'ambira mapulasitiki omangira. Koma mpeni ukangoyandikira khungwa, ludzu linkawagwira.

"Iwe, tathamanga ukanditungire madzi akumwa."

Pobwera ndi kapu ndinkapeza atamanga kale. Madziwo nthawi zambiri sankamwa n'komwe, ankangothirira mbande. Ndili kamtsikana ndinkada nkhawa kuti bambo akudwala. Nditakula ndinazindikira kuti amisiri ambiri akwathu ludzu lawo n'lomwelo. Wokonza njinga amakutuma girizi, telala amakutuma makala a simbi, ndipo ukabwera povuta paja padutsa. Amaopa kuti akakuonetsa zonse, mawa udzaika benchi yako moyang'anana ndi yawo.

Nditamaliza maphunziro a zamakompyuta ku Blantyre ndinalowa ntchito pa kampani ina yaing'ono mumzindamo, ndipo ludzu la bambo ndinalipezanso kumeneko litavala tayi. Seva, kompyuta yaikulu yoyendetsa zonse, ikagwa, mkulu wathu ankatembenuzira laputopu kukhoma n'kundiuza kuti ndikapepese kwa makasitomala. Pobwerera ndinkapeza zonse zikuyenda, iwo akuyasamula. Ndinkapsa mtima mpaka kulephera kudya. Zimene ankandibisirazo ndinadzaziphunzira kwa anthu osawadziwa, amene amalemba pa intaneti mwaulere momwe anathetsera mavuto awo. Ndinalumbira kuti tsiku limene ndidzadziwe kanthu, sindidzatuma munthu madzi.

Kenako ndinabwerera kwathu ku Mwanza. Ndinapeza ntchito pa boda, pa kampani ya maejenti okonzera madalaivala a mathiraki mapepala a katundu. Ntchito yanga ndi ya kuseri. Mabatani ndi mitundu imene munthu amaona pa foni si zanga. Zanga ndi zimene zimachitika akadina: uthenga ufike ku seva, seva iulembe mu databesi, nkhokwe yosungiramo zonse, kenako iyankhe kuti zatheka. Zikamayenda bwino palibe amadziwa kuti ndilipo, ndipo zimenezo zimandikomera.

Vuto la pa boda ndi netiweki. Ukangosuntha pang'ono foni imalumphira ya ku Mozambique, kenako n'kubwerera, kenako n'kuzimiratu. Kalaliki akatumiza za thiraki yankho n'kuchedwa, amadinanso, n'kudinanso mwaukali, ndipo thiraki imodzi imalowa mu databesi kangapo. Izi zinkazunza maofesi onse a mumsewu umenewo, osati ife tokha.

Masana a Loweruka ndinkakhala pakhonde la nyumba yanga ya lendi ku boma, laputopu yangayanga pamiyendo, kuseweretsa timapulogalamu tanga. Kamodzi mwa ito kanali ka vuto lomweli. Uthenga uliwonse umapatsidwa chizindikiro chake usananyamuke pa foni. Seva ikaona chizindikiro chimene inalandira kale, silembanso, imangoyankha kuti izi tazilandira. Netiweki ikapita, foni imasunga uthengawo n'kuutumiza ikabwera. Nzeruyi sindinaipeke ndine, dziko lonse limachita choncho. Changa chinali kuifotokoza m'Chichewa chosakaniza ndi Chingelezi monga timalankhulira, ndi zitsanzo za mathiraki, n'kuika khodi yonse ya kapulogalamuko poyera pa intaneti kuti wofuna atenge. Za kampani yathu sindinaikemo ngakhale chilembo chimodzi.

Anthu anayamba kuwerenga. Ena ankafunsa mafunso, ena ankandikonza, ndipo wina anandilembera kuti khodi yanga ndi yauve ngati kuseri kwa msika. Ndinakwiya tsiku lonse, kenako ndinaona kuti akunena zoona, ndinasesa. Madalaivala anamva mphekesera n'kuyamba kunditchula achemwali a seva. Ndinali wosangalala kuposa nthawi ina iliyonse pa moyo wanga wa ntchito.

Chinandipalira moto ndi ofesi ya tsidya la msewu, opikisana nafe. Munthu wawo wa makompyuta anawerenga, anatenga khodi ija, mathiraki awo analeka kubadwa mapasa. Mwini ofesiyo, munthu wa pakamwa, anakumana ndi abwana anga pogula tchipisi n'kuwathokoza mokweza pamaso pa anthu. Abwana anabwera maso ali psu.

"Chemwali, khalani pansi. Kodi inu mumagwira ntchito kuno kapena tsidya ilo?"

"Kuno, abwana."

"Ndiye mukuphunzitsiranji adani athu? Ife timafuna tikhale patsogolo, inu mukugawa nzeru ngati maswiti."

"Ndinalemba pa nthawi yanga, pa makina anga. Za kampani mulibemo. Ndipo nzeruyo inenso ndinaitola poyera."

"Zimenezo ine sizikundikhudza. Mutu wanuwo timaulipira ndife. Pofika Lolemba mufufute zonse, ndipo musadzalembenso. Apo ayi, makiyi musiye patebulo."

Kunena zoona ndinachita mantha. Ntchito ya mtundu wanga ku Mwanza siipezeka ngati manachesi a m'mbali mwa msewu. Loweruka lake ndinakwera pikiapu kupita ku Thambani, ndikudzinamiza kuti ndikungokaona bambo, pamene ndinkafuna munthu wondiuza kuti sindinalakwe.

Ndinawapeza atakhala pampando pansi pa mtengo. Maso anali atayamba kuchita chifunga, ndipo manja ankanjenjemera moti tiyi ankamwa wosadzaza. Ndinawafotokozera zonse. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Abwana akowo ndi munthu wanzeru," anatero. "Luso ndi chakudya, sumwaza pabwalo. Kafufute, usunge ntchito."

Ndinayang'ana kuseri kwa nyumba. Mandimu anali atakulira m'timachubu mpaka mizu kuboola pansi, minga yokhayokha, osamezanitsidwa. Mitengo yakale ya manachesi inali ikuuma nsonga, ndipo panalibe waung'ono woilowa m'malo. Mtima unandikwera, ndipo ine mtima ukakwera pakamwa sipatsekeka.

"Ababa, luso lanu lija lili kuti? Si ilo lakhala m'manja mwanumo, manja akukana? Munabisira anthu a m'mudzi, chabwino. Munabisiranso ine, mwana wanu. Madzi ndinatunga okwana kudzaza chitsime, koma lero sindingamezanitse ngakhale mtengo umodzi. Ndiye mukuti nanenso ndiyambe kumva ludzu?"

Anangopinda manja aja n'kuwabisa m'khwapa. Zinandipweteka kuwaona choncho, koma mawu anga sindinabweze, ndipo mpaka lero sindinawabweze. Ndinachoka osatsanzika bwino.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya abwana ndi makiyi m'manja. Anaganiza kuti ndikuwaopseza, anaseka pang'ono. Ndinawaika patebulo, ndinawapatsanso mapasiwedi onse ndi malongosoledwe a momwe seva yawo imayendera, kuti wobwera pambuyo panga asavutike.

"Mudzalira, chemwali. Amene mukuwaphunzitsawo sadzakupatsani ngakhale sopo."

"Mwina ndidzaliradi, abwana. Koma kufufuta sindifufuta."

Masana omwewo ndinakhala pakhonde langa n'kulemba gawo lachiwiri: chochita mauthenga awiri akafika pa seva nthawi imodzi. Ndinalilemba mosamala kuposa loyamba, mwina chifukwa cha ukali.

Kulira ndinaliradi. Nyumba ya ku boma inandikanika, ndinalongedza katundu kubwerera ku Thambani. Anthu pamsika ankandiloza ndi milomo: uja anataya ntchito chifukwa chokonda kutchuka. Timaganyu ta pa intaneti tinkabwera mwa apo ndi apo, ndipo kuti nditumize kanthu ndinkakwera pachulu cha kumunda, laputopu m'manja, ana akundiseka. Sindinaleke kulemba. Ndi bambo tinkangopatsana moni ndi kukamba za mvula, nkhani ija osaikhudza.

M'mawa wina bambo anandiitana kuseri kwa nyumba. Anali atasankha ndimu imodzi imene inali isanakhwime kwambiri, nthambi ya nachesi ili pambali.

"Tanola mpeniwu."

Ndinanola monga kale. Ndinang'amba mapulasitiki. Anatenga mpeni, anauyandikiza pakhungwa, dzanja likugwedezeka, kenako anaima n'kumeza malovu. Thupi langa linadziwa lokha chimene chikubwera, moti ndinapezeka ndaimirira kale kuti ndikatunge madzi.

"Ukupita kuti?" anafunsa.

Analoza pansi ndi chibwano. Pafupi ndi phazi lawo panali kapu yodzaza madzi, ena atatayikira m'fumbi chifukwa cha manja aja.

"Ndabwera nawo ndekha. Khala pansi, gwira mpeniwu. Ine ndizinena, iwe uzidula."

Ndinakhala. Diso loyamba ndinaliwononga, anandikalipira. Lachiwiri ndinadula mozama, anandikalipiranso, n'kugwira dzanja langa ndi lawo lonjenjemeralo kuti ndimve kupendekeka kwake. Lachitatu linalowa bwino pansi pa khungwa. Tisanamange ndinatulutsa foni m'thumba.

"Ababa, mukudziwa kuti izi ndikaziika poyera?"

Anatenga kapu ija ndi manja awiri, anamwa pang'ono.

"Ndikudziwa. Jambula pafupi, anthu aone pamene mpeni wathera."