Tinyali Tachoka, Apongozi Sakutulukanso

Lolemba pochokera kuntchito ndinapeza mpanda wachitsulo wapakhomo pathu uli bii. Tinyali ta Khirisimasi tachoka. Akazi anga akuti mayi wina wa m'nyumba yapansi pathu, munthu amene sitinayambanepo naye, anawauza kuti lamulo la kuno silola nyali zapanja zikondwerero zikatha. Iwo osafunsa n'komwe, anamasula tonse n'kuponya m'jumbo.

Mwina mukuti nanga vuto lili pati, si Januwale uyu? Imvani kaye.

Apongozi anga aamuna anabwera kuchokera ku Ntcheu kudzationa. Maso awo ayamba kuchita nkhungu, manambala apazitseko sawaona. Ndiye inu mukuidziwa Dennistoun, dera lathu kunja kuno, nyumba zonse ngati zobadwa kwa mayi mmodzi, mdimanso umagwa anthu asanaweruke. Tinyalito ndi timene timawauza kuti khomo lathu ndi ili. Masana ankakawongola miyendo kupaki, pobwera n'kumangolondola kuwala. Chichotsereni amangokhala pawindo, akuti angakagogode kwa eni n'kutichititsa manyazi. Mtima unandiwawa. Munthu amene kwawo sakhala pansi!

Ndinatsika kukafunsa. Mayi uja akuti anamva kwa kampani yoyang'anira nyumbayi. Nditaimba foni kumeneko, akuti mwina n'za kukhonsolo. Mnzanga wa kuntchito, wobadwira konkuno, anangoseka. Akuti kwawo amakhulupirira kuti nyali za Khirisimasi zikakhalitsa zimaitana tsoka, basi.

Ndiye ndi lamulo kapena chikhulupiriro? Mwina lilipodi penapake, sindikukana. Koma tsidya lina la msewu kuli chimphalapala chamagetsi cha Khirisimasi, mpaka lero chikuthwanima, palibe wakachigogodera. Lamulo lanji losankha makomo?

Komatu amene ndikuwakayikira kwambiri ndi ife tomwe. Mmalawi wa kuno akangomva zoti lamulo, maganizo ali kale pa viza. Kaya n'zoyanika zovala kuseri, kaya fungo la usipa pamasitepe, kaya nyimbo za mapemphero a m'nyumba, aliyense wolankhula Chingerezi chothamanga timamusandutsa boma. Timapepesa tisanamve n'komwe mlandu wake. Safunsa anadya phula, abale. Lamulo lenileni limakhala ndi kwawo, ndipo munthu ukhoza kupita kukaliona.

Dzulo ndinamangiriranso tinyali tija pampanda n'kuyatsa. Wobwera ndi lamulolo adzandionetse, ndidzamvera. Ndinakwera mosangalala kukauza apongozi kuti njira yatseguka. Anasuzumira pansi nthawi yaitali ndithu.

"Apolisi akabwera muwauze kuti ndine ndinapempha," anatero motsitsa. "Andibweze ine kumudzi, inu muli ndi ana pasukulu."

Sanatuluke. Lero sanatulukenso.

Nyali ndabwezera ndi manja angawa. Nanga mantha amene tawapatsira akuluwa, ndikawachotsa ndi chiyani?